Pansi pa Mango kwa Zingalume

Ndinatsika pa Chadiza Boma dzuwa litakwera kale, msana utauma gwa ndi ulendo wa makilomita oposa 70 kuchokera ku Chipata. Unali mwezi wa September, Kulamba itangotha kumene ku Mkaika, ndipo amayi ena pamsika anali akuvalabe zitenje za mwambowo. Ndisanasase n'komwe fumbi pamalaya, anyamata anayi anali atandizinga kale.

"Honda, akulu? Honda?"

Kuno njinga yamoto iliyonse ndi honda, kaya pathanki palembedwa Boxer, TVS kapena dzina lina la ku China. Ndinasankha mnyamata amene anali ndi helemeti yachiwiri yopachika pahandulo. Tinagwirizana K100 mpaka kwa Zingalume.

Chimene chinandiyendetsa ndi njinga ya malemu bambo anga. Iwo anali mlangizi wa zaulimi, ndipo Honda CG125 yawo yofiira ili kuseri kwa nkhokwe kwathu, matayala ataphwa, nkhuku zikuikira mazira pansi pake. Kawiri konse ogula zitsulo zakale abwera ndi sikelo yawo, ndipo kawiri konse amayi awabweza. Tsiku lina msuweni wanga, amene amazungulira m'midzi kugula soya, anandiuza kuti m'dera la Mfumu Zingalume muli mkulu wina amene amadzutsa njinga zoterozo. Ndinati ndikaone kaye ndi maso anga ndisanavutike kuinyamula.

Titangotuluka pa Boma nyumba zamalata zinayamba kuchepa ndipo dziko linatseguka: minda yokololedwa mapesi ali lambalamba, tchire lopsa lakuda bii momwe msipu wanthete unali utayamba kale kusuzumira, ndi mapiri amiyala patali akuoneka mwachizimezime chifukwa cha utsi. Fungo la lupsa linali ponseponse. Tinapitirira ngolo ziwiri zodzaza matumba, ndi ana atatu makasu ali paphewa, mmodzi atanyamula mbewa zomanga ndi luzi. Msewu unali ndi makwinya ngati lata, moti mano ankagundana, ndipo helemeti ija, imene inandikulira, inkanditsikira m'maso.

Kenaka mchenga.

Tayala lakumbuyo linapotokera kumanzere, kenaka kumanja, ngati mchira wa mlamba. Ndinagwira keliyala zolimba. Mnyamatayo sanachepetse moto. Anangotambasula mwendo, phazi likukhula pamwamba pa mchenga, nawonjezera moto pang'ono, ndipo njinga inawongoka yokha. Titatuluka anacheuka.

"Musamaumitse thupi, akulu. Mchenga sufuna mantha. Mukagwira buleki yakutsogolo, mwagona pansi."

Tinafika kwa Zingalume cha m'ma 11. Choyamba kundilandira chinali chigayo, chikulira thi thi thi kuseri kwa magolosale, ndi fungo la ufa wofunda losakanikirana ndi utsi wa dizilo. Pakhonde la sitolo ina panali sikelo yolendewera ndi milu ya matumba a mtedza ndi soya, ndipo chapafupi timanyumba tiwiri ta Airtel Money ndi MTN, mtsikana ali mkati mwa kamodzi akudzikupiza ndi katoni. Patebulo lamatabwa panali mabotolo a petulo ondandalikidwa, dzuwa likunyezimira mkati mwake: lita K40, theka K20. Woyendetsa wanga anagula theka, ndipo wogulitsayo anathira kudzera pakansalu komangidwa kukamwa kwa fanulo kuti zinyalala zisalowe. Ine ndinagula zitumbuwa zitatu, K2 chimodzi, zikadali zotentha, n'kufunsa mayi wogulitsayo za mkulu wa njinga zakale. Sanachulutse mawu. Analoza ndi chibwano mtengo waukulu wa mango, mapazi ngati 200 kuchokera pamene tinaimapo.

Panalibe chikwangwani. Panali mtengo, mthunzi, ndi dothi limene lada ndi oyilo wa zaka zambiri mpaka kulimba ngati simenti. Mango anali pamaluwa, njuchi zikung'ung'udza m'mwamba, timaluwa touma tikuyoyokera pa zishalo za njinga zinayi zotsamira patsinde. M'nthambi munalendewera matcheni, machubu ndi ekizozi imodzi yadzimbiri. Mkuluyo anali khale pachitsa, waimvi, atavala ovololo yabuluu yotha m'mawondo ndi magalasi omangidwa ndi waya mbali imodzi, akutsuka kabuleta m'chitini cha petulo ndi mswachi wakale.

"Odi, atate."

"Odini, fikani."

Anandipatsa mkono m'malo mwa chikhatho chifukwa manja anali a oyilo. Mnyamata wina, mwana wa mlongo wawo, anandiikira chigubu kuti ndikhalire. Tinafunsana za kumene ndachokera ndi za kumudzi, ndipo nditayamba kufotokoza za njinga ya bambo, sanafunse mtundu wake kapena zaka zimene yakhala ili chigonere. Anafunsa chinthu chimodzi.

"Mukaponda kiki, imatsika kapena yauma?"

Ndinati imatsika, koma molemera.

"Ndiye ili moyo."

Ananditengera mbali ina ya mtengo. Pamenepo, pamwamba pa njerwa, panaima mbale wake weniweni wa njinga ya bambo, CG125 yovulidwa zonse. Felemu inali itakhulidwa ndi sandipepala n'kupakidwa penti yakuda ndi bulashi, thanki ili poteropo pathumba, ndipo mutu wa injini unali wotsegula, zitsulo zake zitayalidwa palata mwandondomeko, chilichonse pamalo pamene chichokere pobwezeretsa. Mkuluyo anatola timitengo tiwiri tachitsulo, kutalika ngati pensulo, n'kundiika m'manja. Anati moyo wautali wa njingayi uli pa tiwiri timeneti.

Ankanena zoona. Honda inatulutsa CG125 m'chaka cha 1975, akatswiri ake atayendera maiko otentha n'kuona mmene anthu amagwiritsira ntchito njinga: kukwera anthu atatu kapena anayi, kusenzetsa katundu, ndi kuchedwa kusintha oyilo mpaka atada. Injini zimene chitsulo chotsegula mavalavu chili kumutu zinkatha msanga oyilo akaipa. Choncho pa CG chitsulocho anachitsitsira pansi, pafupi ndi oyilo, n'kumatuma timitengo tija kuti tizikankha mavalavu kumwamba. Chosefera mpweya anachipanga cha siponji kuti munthu azingochapa n'kubwezeretsa. Kuyambira 1976 njingayi inkapangidwanso ku Manaus ku Brazil, ndipo pambuyo pake mafakitale a ku China anatengera injini yomweyo pa njinga zawo zambirimbiri. N'chifukwa chake pisitoni kapena maring'i ogulidwa lero m'sitolo ku Chipata amatha kulowa mu injini imene inapangidwa wogulitsayo asanabadwe.

Komabe mkuluyo sasakaniza zinthu mwachisawawa. Palata paja panali magulu awiri. "Izi n'za mwini wake, izi n'zobwera." Za mwini wake ndi zimene njingayo inabadwa nazo, ndipo sataya chilichonse mwa izo chikadali ndi mphamvu. Anandionetsa zilembo za Keihin pambali pa kabuleta ija, n'kunena kuti angalole kuitsuka masiku awiri kusiyana n'kuikapo yatsopano yotchipa. Zobwera anazitchula ndi mitengo yake, osayang'ana pepala: pisitoni ndi maring'i K250, tcheni ndi masipuloketi K350, chubu K120, oyilo lita K120, pulagi K35. Zina amatuma ku Chipata, zina zimabwera ndi anyamata ochokera mbali ya Mozambique, pakuti malire sali kutali.

Ndinakhala pachigubu paja maola awiri ndikungopenya, nyerere zikundikwera m'miyendo. Anatenga valavu, napaka phala lokhakhala m'mphepete mwake, naibwezera pamalo pake, n'kulumikiza kapaipi ka labala kumchira. Kenaka anayamba kuipekesa pakati pa zikhatho, uku ndi uku, monga makolo ankapekesera moto, akumaitukula pang'ono, kuitembenuza, n'kuyambiranso. Poyamba phokoso linali lokhakhala, khwe khwe khwe. Pang'onopang'ono linasalala mpaka kutsala ngati kunong'ona. Atapukuta n'kumanga zonse, anapendeketsa mutu wa injiniwo nathira petulo pabowo, ndipo tonse atatu tinaweramira kuona ngati pachucha. Tinadikira. Sipanatuluke ngakhale dontho.

Gasiketi ya pambali anadula yekha. Anayala katoni yopyapyala pachitsulo n'kumagogoda m'mphepete ndi kahamala kakang'ono, go go go, mpaka katoniyo inadukira yokha motsata mkombero, mabowo a mabawuti ndi onse. Mpata wa mavalavu amauyeza ndi lezala.

Mwini njingayo, anandiuza, ndi mnyamata wa mudzi wina chapafupi, ndipo inali ya agogo ake amene anali mphunzitsi. Inafika pangolo mu June. Ndalama amabweretsa pang'onopang'ono, akagulitsa thumba la soya kapena mbuzi, ndipo ntchito imayenda motsata ndalamazo: mwezi uno matayala, mwezi wamawa pisitoni. Akufuna iyambe kuyenda mvula isanagwe, kuti azitengera amayi ake kuchipatala ndi kukatenga feteleza. Ku Ulaya ndi ku Japan anthu amakonzanso njinga zakale, kuzipukuta mpaka kuwala ngati galasi, n'kumakazionetsa pa zionetsero. Ntchito yawo ndi yokongola ndipo ndimailemekeza. Koma iyi ikangolira, mawa lake ili pamsewu ndi matumba awiri kumbuyo, ndipo ndikuganiza kuti amene anaipanga angakondwe kwambiri kuiona choncho.

Kuseri kwa tsinde kunali ina, yaitali miyendo, penti itasuluka. Yamaha AG100. Mtundu umenewu unayamba mu 1973, wopangira alimi a nkhosa ndi ng'ombe ku Australia ndi New Zealand, ndipo chilichonse pa iyo chimaonetsa kuti ndi ya kutchire: tcheni chotsekeredwa m'chibokosi kuti fumbi ndi matope zisachidye, zoimikira mbali zonse ziwiri, zitsulo zotchinjiriza zogwirira kuti zisathyoke ikagwa, ndi keliyala yotambalala. Alangizi ndi azaumoyo ayenda nazo kwambiri m'midzi yathu, ndipo amene anakulira kumudzi amakumbukira kulira kwake kosongoka ndi utsi wabuluu umene inkasiya panjira. Iyi inkadikira mabering'i, amene sapezeka msanga ngati a CG.

Kuyang'ana njingayo kunandikumbutsa bungwe la Riders for Health, limene linagwirapo ntchito m'boma lino la Chadiza, okwera njinga ake akunyamula magazi ndi makhololo oyezetsa kuchokera ku zipatala zazing'ono za kumidzi kupita nazo kolipima. Bungweli linabadwira m'mipikisano ya njinga zamoto. Analiyambitsa ndi Barry Coleman, Andrea Coleman ndi Randy Mamola, katswiri wa ku America amene anakhala wachiwiri padziko lonse kanayi pa njinga za 500cc. Chimene chinawakhudza ndi kuona njinga zatsopano zoperekedwa kwa azaumoyo mu Africa zili mbwee kuseri kwa maofesi, zitafa chifukwa chosowa tinthu tating'ono. Mankhwala awo anali osavuta: woyendetsa ayang'ane petulo, oyilo, tcheni, mabawuti, mabuleki ndi matayala m'mawa uliwonse asananyamuke.

Mkuluyo amaphunzitsa zomwezo mwa njira yake. Tili pomwepo panafika mnyamata akukankha Boxer yosakwana n'komwe zaka ziwiri, akudandaula kuti yatha mphamvu. Iwo anasolola choyezera oyilo, nafikisa oyiloyo pakati pa zala ziwiri, n'kumuonetsa. Anali wakuda ngati mwaye ndiponso wamchenga. Atatsegula chosefera mpweya munagwa dothi lodzaza dzanja.

"Mwana wanga, njinga siifa ndi ukalamba. Imafa ndi izi."

Anamupatsa beseni ndi sopo kuti achape siponjiyo yekha, ndipo sanamulipiritse kanthu.

Masana ndinakadya nsima ya nkhuku yalokolo ndi mpiru wa kudimba m'kanyumba ka udzu pafupi ndi chigayo, K45, n'kutsitsira ndi thobwa. Kunatentha mpaka malata a sitolo ankathetheka. Pobwerera ndinapeza mutu wa injini uli kale pamalo pake, malume ndi mwana wa mlongo wake akumanga mabawuti mopingasa, ili kenaka la kutsidya kwake, kuti mutuwo ukhale mofanana.

Cha m'ma 4 kunamveka kulira kwa njinga zingapo nthawi imodzi, kumunsi. Mnyamata uja anaimitsa sipanala n'kuyang'ana amalume ake.

"Pita, uwaperekeze alendowa. Usakwere."

Tinayenda mphindi khumi, kudutsa mjigo ndi khola la mbuzi, mpaka pabwalo lampira lopanda udzu. Anyamata asanu ndi mmodzi, amene tsiku lonse anali akunyamula anthu, anali atazika zigubu ndi njerwa kupanga mkombero wautali ngati dzira. Ana anali atakwera pachulu. Malamulo anali achidule: kuzungulira katatu, ndipo womaliza agulira woyamba lita ya petulo. Mmodzi anakweza chitenje m'mwamba n'kuchitsitsa, ndipo bwalo lonse linasanduka fumbi lofiira limene linalowa m'mphuno, m'makutu ndi m'mano, njinga zikutuluka m'kati mwake imodziimodzi, zitapendekera kumanzere, tayala lakumbuyo likuterereka kunja, phazi lamanzere likukhula pansi, ana akukuwa maina a amene amawakonda.

Mnyamata wondiperekeza uja anatulutsa foni yong'aluka galasi n'kundionetsa kumene amaonera zimenezi. Anali mavidiyo a flat track a ku America. Kumeneko amathamanga pabwalo ladothi lozungulira, nthawi zonse kukhotera kumanzere, ndipo kuphazi lamanzere amavala nsapato yachitsulo yoti iziterereka pansi. Njinga ya Harley-Davidson XR750, imene inatuluka mu 1970, inalamulira mipikisano imeneyi zaka zambiri. Kenny Roberts anakhala katswiri wa dziko la America mu 1973 ndi 1974, ndipo luso lotereretsa tayala lakumbuyo limene anaphunzira padothi analitengera pa phula, n'kukhala katswiri wa dziko lonse lapansi mu 1978, 1979 ndi 1980. Nditayang'anitsitsa njinga za muvidiyomo ndinaona chinthu chimene chinandidzidzimutsa. Pabwalo lozungulira sizikhala ndi buleki yakutsogolo. Chimene woyendetsa wanga anandiuza m'mawa mumchenga, chimene msewu wa kwawo unamuphunzitsa, n'chimene akatswiriwo anachiika m'malamulo a masewera awo.

Anyamatawa amadziwanso kuti ku Lusaka ndi ku Kitwe kumachitika mipikisano ya motocross, ndiponso kuti Ross Branch wa ku Botswana anakhala wachiwiri pa mpikisano wa Dakar mu 2024. Amazikamba ngati nkhani za abale awo.

Pa mpikisano wachitatu mmodzi anagwa. Tayala lakutsogolo linagunda njerwa. Njinga inapita kwake, iye kwake. Bwalo lonse linati zii.

Anadzuka. Chala chachikulu chakuphazi chinali chitasupuka chikhadabo, ndipo ekizozi inali itamuwotcha pakatumba, khungu litayera mbee. Anali atavala patapata. Mwa asanu ndi mmodziwo, awiri okha ndi amene anali ndi helemeti. Mtima wanga unagunda nthawi yaitali, ndipo ndinapsa mtima, osati ndi mnyamatayo yekha koma ndi ife tonse amene tinaima pamenepo kumasangalala. Luso lawo ndi lenileni, ndinaliona ndi maso anga, ndipo sindikufuna kuti wina awalande chisangalalo chimenechi, pakuti pabwalo mpabwino kusiyana ndi kuthamangitsana pamsewu pakati pa ngolo ndi ana a sukulu. Koma anthu a muvidiyo aja amavala zikopa thupi lonse, ndipo ambulansi imakhala ili chire pambali. Pano munthu akasweka mutu, ulendo wake ndi wa ku Boma, mwinanso mpaka ku St Francis ku Katete kapena ku Chipata, pamsewu womwe uja wa makwinya. Lamulo la dziko limafuna kale helemeti. Anyakwawa ndi anyamatawa atangogwirizana kuti wopanda helemeti ndi nsapato zotseka asalowe mumkombero, palibe chimene chingachepe pa masewerawa.

Nditacheuka ndinapeza mkulu uja ali chilili kumbuyo kwanga, manja kumsana. Sindinamve pamene anafikira. Anayenda mpaka pamene panagona njingayo, naidzutsa, napana tayala lakutsogolo pakati pa mawondo n'kuwongola handulo ndi mphamvu imodzi. Kenaka anagwada kuyang'ana phazi la mnyamatayo.

"Ukatsuke ndi madzi a mchere, upite kuchipatala lero lomwe. Mawa ubwere ndi njingayi, ndipo ubwere utavala nsapato."

"Chabwino, agogo."

Pobwerera anandiuza kuti ali pansi pa mango amadziwa njinga iliyonse ya pabwalopo ndi khutu lokha: iyi tcheni chalefuka, iyi mavalavu akugogoda, iyi ifika kwa iye sabata isanathe. Anati nayenso ali mnyamata ankathamanga, ndipo anandionetsa chipsera chachitali pamsongolo.

Dzuwa linali litafiira pamene tinafika pamtengo. Mwana wa mlongo wawo uja anakhazika thanki pafelemu ya CG ija, nalumikiza paipi, nathira petulo wa theka la botolo. Chishalo panalibe, mabuleki anali asanamangidwe. Mkuluyo anaponda kiki. Zii. Anapondanso. Inatsokomola kamodzi n'kuleka. Anamasula pulagi, naigunditsa pachitsulo cha injini, nauza mnyamatayo kuti aponde, ndipo mumdima wa pansi pa mtengowo tinaona kamoto kabuluu kakuthetheka, the the. Anaipukuta, naibwezera, natembenuza kabawuti ka pakabuleta pang'ono chabe.

Inalira.

Poyamba inatulutsa utsi woyera wonunkha oyilo wopserera, kenaka utsiwo unatha ndipo kulira kunakhazikika, du du du du, kofatsa, kosathamanga. Ndinakudziwa kulira kumeneko. Ndi kumene tinkakumva kuchokera kudambo madzulo, amayi n'kutiuza kuti titereke madzi osamba chifukwa bambo afika. Ndinayang'ana kumbali kwa kanthawi. Mkuluyo anaika chikhatho pathanki n'kumvetsera, maso ali chotseka, ndipo sanandifunse kanthu.

Woyendetsa wanga anafika kudzanditenga, n'kunena kuti popeza kwada ulendo ukhala K120. Ndisanakwere, mkuluyo anandipatsa malangizo, ine ndikulemba kuseri kwa tikiti ya basi. Ndikafika ndimasule pulagi, ndithire supuni imodzi ya oyilo pabowopo, ndisiye masiku atatu. Ndisaponde kiki mwamphamvu. Ndikhuthule petulo yense wakale. Ndisataye kanthu, ngakhale kabawuti kadzimbiri; zonse ndiike m'thumba limodzi. Ndipo ndibwere nayo mvula isanayambe, chifukwa ikagwa ntchito ya pansi pa mtengo imavuta.

"Mukawauze amayi kuti anachita bwino kuwabweza a sikelo aja."

Tinanyamuka nyali itayaka, tizilombo tikuwuluka m'kuwala kwake. Chigayo chinali chitazima, ogulitsa petulo akulongedza mabotolo m'katoni, ndipo mpaka pamene tinakhotera kumsewu wa ku Boma ndinkaimvabe CG ija ikulira kuseri kwa magolosale. Titafika pamchenga paja ndinamasula thupi monga anandiuzira, ndipo tinadutsa.